Munda Unawoloka Ruo

Ndinatsika basi pa Bangula dzuwa lili paliwombo.
Wakabaza anayang'ana chikwama changa, anayang'ana nsapato,
n'kukweza mtengo.

Komwe ndimagwira ntchito kumatenthanso chonchi,
koma kutenthako amakutsekera kunja kwa galasi.
Ndimakhala m'mwamba, chipinda chopitirira makumi atatu,
ndi jekete, kuzizidwa pakati pa chipululu,
kulemba mapangano a nyumba zomwe sizinamangidwe.
Pomwe chaka chatha panali mchenga lero pali hotela.
Maloya amatilemba ngati odula nzimbe ku Nchalo nyengo ikakwana:
wa ku Kerala, wa ku Lagos, wa ku Manila,
ndi ine Ndazona, mwana wa Fulukiya wa ku Makhanga,
dzina lodulidwa pakati kuti likwane m'kamwa mwa bwana.
Tsiku langa amaligulitsa m'timagawo
ta mphindi zisanu ndi imodzi.

Mlongo wanga Zuze sanadikire kuti ndisambe.
M'pepala la shuga anatulutsa kalata ya malemu bambo,
yopindidwa kanayi, chala chodinda chitafufuma ndi chinyezi.
Kumadzulo, mtengo wa nsangu.
Kumpoto, dimba la a Khembo.
Kum'mawa, mtsinje.

Madzi a chaka chija, anatero,
Ruo anatopa ndi njira yake, anadzera kuseri kwa nsangu.
Tinadzuka munda uli tsidya lina.
Pano akulimamo Antonyo, wa ku Mozambiki.
Iwe ndiwe loya.
Tinagulitsa ng'ombe ziwiri, yachitatu inali ndi bere.

Ndikanamuuza kuti chiphaso changa cha kuno chinatha ntchito kalekale,
kuti zomwe ndimadziwa ndi chindapusa cha simenti yochedwa,
kuti m'pangano lililonse lomwe ndalemba
muli ndime ya madzi osefukira,
ndipo ndimeyo imati: palibe wolipira mnzake.
Ndinangopempha madzi akumwa.

M'mawa tinakwera bwato.
Wopalasa anati ndichotse dzanja m'madzi,
ng'ona za kuno sizifunsa kuti unaphunzira mpaka pati.

Antonyo tinamupeza akupalira mbatata, malaya ali m'chiuno.
Sanathawe, sanakweze mawu.
Anaika khasu pansi, n'kutiloza komwe tachokera:
Mukuona mulu wa mchenga uwo, pafupi ndi mabango?
Pansi pake pali mapira anga,
pali chitsime, pali amayi.
Kuti ndikasese pamanda ndimawoloka kulowa m'dziko lanu.

Zuze anayang'ana pansi nthawi yaitali,
akukumba dothi ndi chala chachikulu cha kuphazi.

Foni inanjenjemera m'thumba.
Uthenga woyamba unandilandira ku dziko lachilendo,
nditaima pomwe bambo ankandituma kuingitsa mbalame.
Wachiwiri unali wa bwana:
tsamba la makumi asanu ndi anayi lifike madzulo ano,
pepani kusokoneza tchuthi.

Ndinakhala pa muzu wa nsangu,
ndinatembenuza kalata ya bambo, kuseri kunali koyera.
Mizere yoyambira pa mtengo kupita kumpoto, ya Zuze.
Yotsalayo, ya Antonyo.
Zuze azisesa pamanda paja mwezi uliwonse.
Mtsinje ukadzasunthanso, adzakhalenso pansi.

Mizere inayi basi.
Kuntchito akanandiseka; tanthauzo la liwu loti mtsinje
likanadya masamba awiri.
Inki yodindira panalibe,
ananyowetsa zala ndi matope.
Takhuta, anatero Antonyo, n'kuthira mbatata m'chikwama changa chachikopa,
pamwamba pa kompyuta.

Pobwerera Zuze sanandiyankhule mpaka pakati pa madzi.
Ng'ombe ziwiri, anatero, theka la munda.
Kenako anaseka, mwina sanaseke,
mphepo inali kumaso.

Ndatsala ndi masiku khumi ndi limodzi.
Tsamba lija ndinalitumiza usiku, pa sitolo ya a Meke pomwe pali sola,
udzudzu ukundiluma m'mapazi.
Ruo ndinkamumva ali kutali mu mdima,
yekhayo amene sanadinde chala.